Momwe mungachitire kasino ikamakana kukupatsani ndalama zomwe mwawina

Kudyedwa pa juga ndi kuberedwa si chinthu chimodzi. Gudumu la roulette la ku Ulaya lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36, koma mukabetcha nambala imodzi n'kuwina amakulipirani kuchulukitsa ka 35 basi. Mpata umenewo ndiwo umasiyira kasino phindu la 2.7 peresenti pa ndalama zonse zobetchedwa. Gudumu la ku America, lomwe lili ndi 0 komanso 00, limadya 5.26 peresenti. Izi sizobisika, ndipo palibe amene angakubwezereni ndalama chifukwa cha zimenezi. Koma kukanizidwa kutapa zomwe mwawina, kutsekeredwa akaunti muli ndalama zanu, kapena kuuzidwa lamulo latsopano masewero atatha kale, kumeneko ndi kuponderezedwa. Wotchova juga ndi kasitomala, ndipo ali ndi ufulu wodandaula ngati kasitomala wina aliyense.

1. Fufuzani chiphaso musanaike ndalama

Kachizindikiro komwe kamakhala pansi pa tsamba la kampani sikatsimikizira kanthu, aliyense akhoza kukakopera. Tengani dzina la kampaniyo ndi nambala ya chiphaso chake, mukaziyang'ane pa tsamba la bungwe lomwe akuti linawapatsa. Gambling Commission ya ku Britain ndi Malta Gaming Authority, mwachitsanzo, ali ndi mndandanda wa makampani ovomerezeka womwe aliyense angaone kwaulere. Onaninso ngati kampaniyo ndi yololedwa m'dziko lomwe inu mukukhala. Ikakhala kuti ilibe chiphaso chilichonse, zonse zomwe zalembedwa m'munsimu sizikuthandizani, chifukwa kulibe kokaisumira.

2. Werengani malamulo awo, makamaka a bonasi

Mikangano yambiri imayambira apa. Akati akupatsani bonasi ya 100 koma muibetche ka 35 musanatape, ndiye kuti muyenera kubetcha ndalama zokwana 3,500. Pa masewero omwe amabweza 96 peresenti kwa osewera, pobetcha 3,500 mumayembekezeka kudyedwa 140. Bonasi ija yatha kale, mwaonjezerapo ndi zanu. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kukana bonasi nthawi zambiri ndi nzeru: ndalama zanu zimakhala zomasuka, mukhoza kuzitapa nthawi yomwe mwafuna.

Mukafuna kuilandirabe, yang'anani zinthu zitatu izi: ndalama zochuluka zomwe mukuloledwa kubetcha kamodzi bonasi ikadalipo, malire a zomwe mungatape kuchokera pa bonasiyo, ndi masewero omwe sawerengedwa. Kubetcha kamodzi kokha kopyola malire kumapatsa kampani chifukwa chokulandani zonse zomwe mwawina. Jambulani malamulowo tsiku lomwelo, deti lake likuoneka, chifukwa tsamba la pa intaneti limasinthidwa usiku umodzi.

3. Perekani ziphaso zanu poyambirira

Makampani ena salabadira za chiphaso chanu pamene mukuika ndalama, amadzachikumbukira tsiku lomwe mwawina. Ku Britain khalidweli linaletsedwa mu 2019: kampani iyenera kutsimikiza dzina ndi zaka zanu musanayambe kusewera, ndipo singakupempheni pa nthawi yotapa zikalata zomwe ikanatha kupempha kale. Kwina lamuloli kulibe, choncho dzitetezeni nokha. Tumizani chiphaso akaunti ikangotsegulidwa. Dzina la pa akauntiyo lifanane ndi la pa chiphaso komanso la kumene kukuchokera ndalama. Musasewerere pa akaunti ya mnzanu kapena kutsegula maakaunti awiri. Mukatero mlandu mwaluza usanayambe.

4. Vuto likachitika, siyani kusewera ndipo sungani umboni

Jambulani sikirini yoonetsa ndalama zomwe zili mu akaunti, nambala ya tikiti kapena ya masewero, nthawi yake, ndi zonse zomwe mwalemberana ndi ogwira ntchito awo. Mukasewerera mkati mwa kasino yeniyeni, musachoke pa tebulo kapena pa makinapo. Itanitsani bwana wa pamalopo, mum'pemphe kuti alembe nkhaniyo ndi kusunga zomwe makamera ajambula.

Chiyeso chachikulu pa nthawi yodikira ndi kubweza pempho lotapa n'kuyambanso kubetcha ndalama zomwezo. Makampani amadziwa bwino kuti munthu akachedwetsedwa amafooka. Britain inaletsa batani lobwezera pempho lotapa mu 2021 pa chifukwa chomwechi. Ndalama mukazibetcha n'kudyedwa, dandaulo lanu lafera pomwepo.

5. Dandaulani polemba

Za pa foni zimakanidwa mawa. Lembani imelo yaifupi, yopanda mawu achipongwe: chomwe chinachitika, tsiku, kuchuluka kwa ndalama, ndi chomwe mukufuna achite. Afunseni atchule ndime yeniyeni ya malamulo awo yomwe akuti mwaphwanya, ndipo akupatseni yankho lawo lomaliza polemba.

Akanena kuti makina analakwitsa, musafulumire kulandira kandalama kochepa kotsekera pakamwa. Mu 2018 bambo wina ku England anawina mapaundi oposa 1.7 miliyoni pa masewero a makadi otchedwa blackjack a pa intaneti a kampani ya Betfred. Kampaniyo inakana kulipira ponena kuti pulogalamu inali ndi vuto. Mu 2021 khoti lalikulu ku London linagamula kuti ilipire, poona kuti ndime zomwe inkadalira sizinalembedwe momveka ndipo sizinaonetsedwe bwino kwa kasitomala. Lamulo lobisidwa pakati pa mawu ambirimbiri silimanga munthu nthawi zonse.

6. Pitani kwa woweruza wapadera, kenako ku bungwe loyang'anira

Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Bungwe loyang'anira juga likhoza kulanga kampani kwambiri koma osakubwezerani inuyo kalikonse. Gambling Commission inalipitsa makampani a William Hill mapaundi 19.2 miliyoni mu 2023 chifukwa cholephera kuteteza makasitomala ndi kutsata malamulo oletsa kuyeretsa ndalama zakuba, komabe bungweli siliweruza mkangano wa munthu mmodzi ndi kampani. Ntchito imeneyo kumeneko ili m'manja mwa mabungwe oima paokha monga IBAS ndi eCOGRA, omwe salipiritsa wodandaula, ndipo mukhoza kupitako kampani ikapereka yankho lomaliza kapena pakatha masabata 8 nkhani isanathe. Ku Nevada, chigawo cha ku America, n'kosiyana: Nevada Gaming Control Board imafufuza yokha mikangano ya malipiro. Funsani bungwe lomwe linapereka chiphaso kuti njira yake ndi iti, komanso kuti muli ndi nthawi yaitali bwanji yokadandaula.

Ngakhale bungwelo litakhala losaweruza nkhani yanu, lidziwitsenibe. Madandaulo ofanana akachuluka ndiwo amayambitsa kafukufuku.

7. Ngati jugayo yakukulirani, dziletseni

Kampani yachilungamo imakulolani kuika malire a ndalama zoika pa tsiku kapena pa mwezi, ndi kudzitsekera kunja kwa nthawi yomwe mwasankha. Ku Britain GAMSTOP imatsekera munthu ku makampani onse a pa intaneti okhala ndi chiphaso nthawi imodzi. Mukadziletsa, sungani uthenga wotsimikizira. Kampani ikapitiriza kukutumizirani mauthenga okopa kapena kulandira ndalama zanu pambuyo pake, umenewo ndi mlandu wina, ndipo mukauperekenso ku bungwe loyang'anira pamodzi ndi deti lomwe munadziletsa.