Momwe mungadziyezere mimba, khosi ndi mkono pogwiritsa ntchito tepi ya telala

Kuno ku Mangochi munthu akatulutsa mimba timati zake zikuyenda. Komatu mafuta ounjikana pamimba ndi amene amakoka shuga, kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko, ndipo sikelo singakuuzeni pamene mafutawo akhala. Tepi ya telala ndiyo ingakuuzeni.

Yambani ndi kusankha tepiyo, chifukwa ine ntchito inandiwonongekera pomwepa. Ndinagula yotchipa kwa wina woyala katundu pansi mumsika wa pa boma, yapulasitiki yofewa. Ndi kutentha kwathu kuno, inkatambasuka ukangoikoka pang'ono, ndiye inkandipatsa nambala yaing'ono, mtima n'kukhala pansi. Tsiku limene anandiyeza kuchipatala nambala inatuluka yokulirapo. Tepi yotambasuka imanama mokusangalatsani, ndiye kuopsa kwake. Musanalipire, ikokeni ndi manja awiri. Ikagonja isiyeni. Mukafika nayo kunyumba igonekeni pa lula ya mwana wasukulu muone ngati 30 cm yake ikugwirizana ndi ya lulayo. Onaninso kumayambiriro kwake, chifukwa zina kachitsulo kaja kamabisa nambala zoyamba. Werengani mbali ya masentimita, osati ya mainchesi. Kulipira yokwererako mtengo kushopu ya zosokera n'kwabwino, kapena ingobwerekani kwa telala amene mumamudalira.

Mimba muiyeze m'mawa musanadye, mutavula malaya, mutaima chilili. Papasani nthiti yomaliza, papasaninso nsonga ya fupa la m'chiuno, ndipo tepi idutse pakati pa ziwirizo. Osayeza pamene pakhala lamba wa thalauza, poti azibambo ambiri lambayo amamutsitsa kunsi kwa mimba. Tulutsani mpweya mwachizolowezi, osabweza mimba mkati, tepi ingokhudza khungu osalimata. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo chimayamba kukwera mwamuna akapitirira 94 cm ndi mkazi akapitirira 80 cm, ndipo chimakula kwambiri kupitirira 102 cm kwa mwamuna ndi 88 cm kwa mkazi. Mayi woyembekezera muyezo umenewu sumukhudza.

Ngati tepi mulibe, dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, chizungulizeni pamimba. Nsonga zikalephera kukumana, mimba yapitirira theka la msinkhu wanu, ndipo limenelo ndi chenjezo kale.

Khosi ndi losavuta, ndipo ndimalikonda chifukwa amayi ovala hijabu sachita kuvula zambiri kuti ayezedwe ndi mnzawo. Yang'anani kutsogolo, mapewa ali omasuka, tepi idutse kunsi kwa kholingo. Kafukufuku wina wa ku Israel wa mu 2001 anapeza kuti 37 cm kwa amuna ndi 34 cm kwa akazi ndi pamene kunenepa kopyola muyezo kumayambira. Anthu ake sanali a kuno, choncho nambalayi iyendere limodzi ndi ya pamimba. Amene ali ndi chithokomiro chotupa asadalire khosi. Koma ngati khosi ndi lalikulu ndipo akunyumba amadandaula kuti mumaliza mkonono kwambiri usiku, kanenani kuchipatala.

Mkono muuyeze pakati pa phewa ndi chigongono, uli lende. Tepi yamitundu ya kusikelo ya ana ndi yofufuzira kunyentchera, sikuthandizani apa. Msodzi wopalasa bwato kapena wakabaza akhoza kukhala ndi mkono waukulu wa minofu yokha, ndiye mkono paokha musaukhulupirire.

Lembani nambalazo m'kope pamodzi ndi tsiku, mudzabwereze mwezi wamawa ndi tepi yomweyo. Tiyi wochepetsa thupi ndi malamba omanga pamimba amene akutsatsa pa WhatsApp musatayirepo ndalama. Nambala zikapitirira, tengani bukhu lanu lakuchipatala mupite pa chipatala cha boma kapena chaching'ono chapafupi akakuyezeni BP ndi shuga. BP ikamafika 140/90 mobwerezabwereza, imeneyo ndi ya dokotala.