Momwe mungafufuzire mbiri ya Nyasaland m'malaibulale a pa intaneti

Amene akufuna kulemba za nkhondo ya John Chilembwe, yomwe inabuka pa 23 Januwale 1915, kapena nkhani ina ya nthawi ya atsamunda, angathe kuyamba ntchito ali pakompyuta asanakwere basi yopita ku National Archives of Malawi ku Zomba.

Musanalembe kalikonse m'bokosi lofufuzira, tengani pepala mulembepo mayina akale a malo amene mukuwafuna, chifukwa apa ndi pamene ofufuza ambiri amataya nthawi. Dziko lino linkatchedwa British Central Africa kufikira 1907, kenaka Nyasaland kufikira 1964, choncho dzina loti Malawi silingakupezereni kalata yolembedwa mu 1915. Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, pomwe Thyolo ankailemba Cholo ndipo Mulanje ankailemba Mlanje. Makina ofufuzira amangofananitsa zilembo, sadziwa kuti mayina awiriwa ndi a boma limodzi, kotero yesani kalembedwe kalikonse pakokha.

Mukatero, yambani ndi zomwe akatswiri ena analemba kale. Pa JSTOR, laibulale ya pa intaneti yosunga nkhani za akatswiri, mungatsegule akaunti yaulere yomwe imalola kuwerenga nkhani zingapo mwezi uliwonse, ndipo mupezapo Society of Malawi Journal, yomwe inayamba kutuluka mu 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal. Dzina lalitali, monga "Providence Industrial Mission", liikeni pakati pa zizindikiro zogwira mawu kuti makina alifune lonse pamodzi, kenaka muchepetse zotsatira posankha zaka. Nkhani ikakusangalatsani, musadumphe timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba, pakuti ndi momwe wolemba amaululira nambala ya fayilo imene anaigwira ndi manja ake.

Nambala zimenezo mupite nazo pa Discovery, kaundula wa pa intaneti wa The National Archives ya ku Kew, mu London. Makalata a pakati pa bwanamkubwa wa ku Zomba ndi ofesi yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Britain ali m'gulu la CO 525, koma ngati mukufufuza zaka za m'mbuyo mwa 1904, yang'anani m'magulu oyamba ndi FO, popeza nthawi imeneyo dzikoli linali m'manja mwa ofesi yoona za maiko akunja. Dziwani kuti kawirikawiri chimene chimaoneka pakompyuta ndi mutu wa fayilo, zaka zake ndi nambala yake basi. Kuti muone chikalata chenichenicho muyenera kupita ku Kew komweko kapena kuitanitsa kope lake molipira, ndipo si bwino kulemba ngati munawerenga fayilo yomwe munangoona mutu wake.

Mabuku akale a amishoni ndi a apaulendo ambiri ali pa laibulale ya pa intaneti yotchedwa Internet Archive. Mawu a m'mabukuwa anawerengedwa ndi makina kuchokera pa zithunzi, ndipo makinawo amasokoneza kwambiri mayina a Chichewa ndi Chiyao. Dzina likapanda kupezeka, tsegulani chithunzi cha tsambalo muwerenge ndi maso anu.

Chilichonse chimene mwapeza chisungeni pomwepo, pamodzi ndi nambala ya fayilo, tsamba ndi tsiku lomwe chinalembedwa. Bandulo imatha, komanso malaibulale akuluakulu omwe amagwa: mu Okutobala 2023 akuba a pa intaneti anaononga makina a British Library, ndipo ofufuza anakhala miyezi osatha kugwiritsa ntchito kaundula wake.

Pomaliza, powerenga muzifunsa kuti analemba ndani ndipo ankalembera yani. Mafayilo a ku Kew ndi mawu a akuluakulu a boma la atsamunda, amene ankaona otsatira a Chilembwe ngati zigawenga. Zimene mwasonkhanitsa muzifananitse ndi zikalata za ku Zomba komanso zimene a mpingo wa Chilembwe wa Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, amasunga ndi kukumbukira.