Momwe mungaonere chithunzi cha Guernica ndege yanu ikaima ku Madrid

Wapaulendo amene akudikira ndege ina ku Madrid kwa maola asanu ndi atatu kapena kuposa apo angathe kukafika ku Museo Reina Sofía, nyumba yosungiramo zojambula zamakono, n'kubwerako ndege isanamusiye.

Kukonzekera kumayambira kunyumba. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia saloledwa kutuluka m'bwalo la ndege la Barajas popanda viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, choncho muifunsire musananyamuke. Muonenso tsiku limene mudzafike, chifukwa nyumbayi satsegula Lachiwiri, ndipo Lamlungu amatseka masana.

Mukatuluka m'bwalo, kwerani basi yachikasu ya Exprés Aeropuerto, imene masana imakafika pa siteshoni ya sitima ya Atocha patatha mphindi pafupifupi 40. Kuchoka pamenepo n'pafupi, muyende pansi. Mudzaizindikira nyumbayo poona zikepe zagalasi zimene anazimangira kunja kwa khoma. Kalelo, m'zaka za m'ma 1700, inamangidwa kuti ikhale chipatala.

Mukagula tikiti, musayambe ndi zipinda zoyandikira khomo. Pitani kaye kumene kuli Guernica, chithunzi chimene Pablo Picasso anajambula mu 1937, ndege zankhondo za Germany ndi Italy zitaphulitsa tauni ya Guernica ku Spain pa 26 Epulo chaka chomwecho. N'chotalika mamita oposa 7 m'litali ndi oposa 3 m'mwamba, ndipo mulibe mtundu wina koma wakuda, woyera ndi wotuwa. Imani patali poyamba, kenako musendere pang'onopang'ono, kuti muone mayi amene wanyamula mwana wakufa, kavalo amene akulira ndi ululu, ndi lupanga lothyoka m'dzanja la munthu wogwa pansi. Ine ndimaona kuti theka la ola pamenepa n'laphindu kuposa kuthamangira zipinda zonse. Chithunzichi chinakhala ku New York zaka zambiri, popeza Picasso anakana kuti chipite ku Spain dzikolo lisanabwerere ku ufulu, ndipo chinafika mu 1981, Franco, amene ankalamulira dzikolo mwankhanza, atamwalira kale.

Nthawi ikatsala, onaninso zojambula za Salvador Dalí ndi Joan Miró. Nyamukani kukatsala maola atatu kuti ndege inyamuke, ndipo muone bwino pa tikiti ngati mukukwerera ku Terminal 4, chifukwa ili patali ndi zinzake.