Mmene mungadziwire tsiku lomwe mwezi uwale wathunthu, osayang'ana pa foni

Anthu ambiri mwezi timangoudzidzimukira magetsi akazima, koma kuutsata sikovuta ayi, chongofunika ndi maso komanso malo amodzi oimapo madzulo aliwonse cha mma 6 koloko.

Yambani tsiku lomwe mwezi wakhala. Dzuwa likangolowa yang'anani kumadzulo chapansipansi, muona kamwezi kowonda ngati chikhadabo, ndipo musachedwe coz sikakhalitsa, nako kamalowa. Abale athu achisilamu ndi kameneka amakadikira kuti ayambe kapena amalize Ramadan. Tsiku limenelo lilembeni penapake.

Mawa lake nthawi yomweyo bwereraninso pamalo pomwe paja. Muupeza wasuntha chakummawa, mukatambasula mkono nkupinda chibakera, mtunda wake umapitirira pang'ono chibakera chimodzi tsiku lililonse. Patatha masiku 5 kapena 6 ukhala theka uli pamutu dzuwa likamalowa. Kuchoka apo werengani sabata imodzi, ndiye wathunthu uja, ndipo chizindikiro chake sichinama: dzuwa likulowa uku, iwo ukutuluka kummawa, nkuwala usiku onse mpaka mbandakucha.

Chimachitika nchani? Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umangobweza kwa dzuwa, ndiye pamene ukuzungulira dziko ife timaona mbali yowalayo mosiyanasiyana. Ena amati ndi chithunzithunzi cha dziko chimene chimaudya, ayi ndithu, izo zimachitika pa kadamsana basi ngati uja wa pa 7 September 2025 mwezi unafiira, ndipo kadamsana wa mwezi amagwa pokhapokha uli wathunthu.

Ukadutsa pamenepo umayamba kuchedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku ndi tsiku, kwinaku ukuchepa. Pakatha sabata umatuluka pakati pausiku, mmawa mukamapita kumunda kapena kuntchito mumauona uli mmwamba mbuu. Kenako mdima bii. Ulendo onsewu ndi masiku 29 ndi theka, choncho mukagwira tsiku limodzi la mwezi wathunthu ingoonjezerani 29 kapena 30.

Ine izi zimandithandiza pogula usipa. Asodzi a kunyanja, kaya ku Nkhata Bay kaya ku Mangochi, amakopa usipa ndi nyali usiku wa mdima, mwezi ukawala nyali zija sizikoka kwenikweni, usipa umachepa ndipo kamulu pamsika kamadula. Mukaona mwezi wayamba kutuluka mochedwa, dikirani masiku angapo kenako nyamulani basiketi.