Cenjezo la Mvula ya Mabingu ndi Cimphepo: Malangizo kwa a ku Zambia Okhala mu Johannesburg

Macenjezo a nyengo kuno amapelekedwa ndi South African Weather Service, ndipo ali ndi mitundu itatu: yelo kuyambila 1 mpaka 4, olenji kuyambila 5 mpaka 8, wofiila 9 ndi 10. Nambalayi sionetsa kuculuka kwa mvula. Ionetsa kukula kwa cionongeko cimene cingacitike, komanso ngati cikuoneka kuti cicitikadi. Yelo musamupeputse. Kwa munthu wogona mu mkhukhu wa malata, cenjezo la nambala 2 ndi lokwanila kumugoneka panja.

Mukamva pa wailesi kuti cold front ikubwela, musangoganiza zotulutsa majuzi. Uwu ndi mpweya wozizila wocokela kunyanja, umene umaloŵela ca ku Cape Town. M'miyezi ya mvula, Okutobala mpaka Malichi, ukakwela kumtunda kuno umapeza mpweya wotentha wa cinyontho wocokela kumpoto, cakwathu komwe. Wozizilawo ndi wolemela, conco umaloŵa pansi n'kukankhila wotentha uja m'mwamba, ndipo mitambo yakuda imaundana pa mzele wautali. Kaŵilikaŵili zimenezi zimacitika dzuŵa litapendeka, anthu akuŵeluka ku nchito. A zanyengo amati mvula ndi yoopsa ngati ili ndi matalala oposa mamilimita 19, mphepo yothamanga makilomita 93 pa ola, kapena madzi osefukila mwadzidzidzi.

Iwo amaona mitambo pa radar, makina ounikila mitambo amene ali ku Irene pafupi ndi Pretoria, koma sangachule msewu umene udzagundidwa. Cenjezo limakuta dela lalikulu. Ngati ku Rosettenville kwangoomba kamphepo, sikuti ananama ai: mwina ku Tembisa madenga asasuka.

Cimene ambili a ife sitinazoloŵele ndi cakuti cimphepo cimafika mvula isanayambe. Mukaona kwazizila mwadzidzidzi, fumbi ndi mapepala zikuuluka, nthawi yokonza denga yatha kale. Malata akhomeni ndi misomali kapena amangeni ndi waya m'maŵa mwa tsikulo. Njelwa ndi miyala zimene timapanikizila denga zimagwela anthu mphepo ikakula. Loŵetsani m'nyumba ana, mabeseni ndi mipando ya pabwalo. Galimoto musaimike pansi pa jakalanda kapena bulugamu. Waya wa magetsi ukagwa, musauyandikile ngakhale magetsi atazima. Dziŵitsani a magetsi, City Power kapena Eskom.

Mphezi ikang'anima, ŵelengani mpaka bingu litamveka. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Bingu likamveka musanafike pa 30, loŵani m'nyumba kapena m'galimoto, ndipo dikilani mphindi 30 kucokela pa bingu lomaliza. Abusa ndi atsogoleli a mipingo yopemphela pa zitunda, conde imitsani mapemphelo anthu atsike.

Mitsinje ya kuno imadzala mofulumila cifukwa madzi a m'misewu ya tala ndi m'ngalande amathila momwemo. Mu Disembala 2022, mtsinje wa Jukskei unakokolola anthu amene anali pa mwambo wa mpingo mumtsinjemo, ndipo ambili anamwalila. Madzi angabwele kucokela kumtunda ngakhale pamene muli pasanagwe dontho. Okhala m'mbali mwa Jukskei ku Alexandra kapena mwa Klip ku Kliptown, sungani pasipoti ndi mapepala a pemiti m'pulasitiki pamalo okwela, ndipo musawoloke ulalo umene wamila, kaya wapansi kaya pa galimoto.

Pakagwa ngozi, imbani 112 pa foni ya m'manja. Ndi yaulele, imapita ngakhale mulibe talk time.