Kukaona mbalame ku dambo la Marievale

Marievale ili pafupi ndi tawuni ya Nigel ku South Africa, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Johannesburg. Ndi gawo la dambo la Blesbokspruit, lomwe linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, mu 1986. Pitani pakati pa Okutobala ndi Malichi, mbalame zochokera ku Ulaya zikadalipo, ndipo mufike m'mamawa. Dzuwa likakwera, zambiri zimabisala m'bango.

Valani zovala zosawala, mukhale chete m'tinyumba toonera mbalame. Chachikulu, musalowe m'udzu wautali: mbalame zina zimaikira pansi, ndiye make akadzidzimuka n'kuthawa, mazira amazizira kapena kudyedwa. Chotsalira cha ndudu musataye pansi, bango louma silichedwa kuyaka. Pochoka tsukani nsapato, chifukwa njere za namasupuni zimamatirira m'matope n'kukamera kudambo lina.