Makina okwera otchetchera kapinga akakana kulira

Anzanga osamalira minda ku Johannesburg, makina amene agona m'galaja nyengo yonse yozizira amavuta kulira mvula ikayamba. Musathamangire kwa makaniko. Khalani pampando bwinobwino, pondani buleki, mipeni ikhale yozimitsa, chifukwa pansi pa mpandopo pali kaswitchi kamene kamaletsa injini pampando pakakhala popanda munthu. Ikangoti "tiki" osazungulira, yezani batire: yabwino imaonetsa mavoti 12.6. Ikazungulira koma osagwira, kawirikawiri ndi petulo wokhalitsa amene wamatirira m'kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Mukhuthuleni, tsukani kabureta, sinthani pulagi.

Koma chitsulo chophimba mipeni chikabooka ndi dzimbiri, kapena giya ikamafooka pachitunda injini itatentha, auzeni abwana agule ena basi. Injini yake ikakhala ya kampani ya Briggs & Stratton musataye, imagulitsika.